Mwabwera ndi kamera kwa eni, ndiye mukufuna akhale chete?

Ojambula zithunzi a m'tauni, makamaka achinyamata amene agula makamera a mphuno zazitali m'zaka zapitazi, ali ndi dandaulo limodzi limene satopa nalo. Akuti kujambula pagulu m'Malawi muno n'chintchito, chifukwa aliyense wodutsa ndi mphunzitsi. Ukangogwada kuti uloze kamera, wina watulukira kale kumbuyo: "Achimwene, pamenepo sizituluka bwino, bwerani cha kuno." Wina akufunsa kuti chimakinacho munagula zingati. Wina akuti foni ya mlamu wake wa ku Joni imatulutsa bwino kuposa chimenecho. Uyu akuti musajambule, uyo akuti mujambule iyeyo. Ndiye amafunsana okhaokha kuti anthu oterewa, opereka malangizo popanda wowapempha, tiziwatani? Mayankho amene amapatsana ndi omwewomwewo: vala mahedifoni, usayang'ane munthu kumaso, ungoti "chabwino" n'kupitiriza zako.

Funso limeneli laima chadodolido. Tiyerekeze kuti ndi tsiku la msika kwa Kasakula, kumapiri a Ntchisi uko moyandikana ndi Dowa. Mayi wayala tomato ndi anyezi pachiguduli, pamalo pomwe amakhala sabata ndi sabata. Anyamata a kabaza akudikira okwera pansi pa mtengo wawo wa masiku onse. Madala ali pa bawo pakhonde la golosale. Kenako mwatsika inu m'galimoto, nkhope yachilendo, chikwama kumsana, n'kuyamba kuwaloza ndi chinthu chakuda. Wabwera osaitanidwa ndani pamenepa? Wayamba kulowerera za mnzake ndani? Inu mwatenga nkhope ya munthu osapempha, iye wakupatsani mawu musanapemphe, ndiye mukufuna tivomereze kuti wamwano ndi iyeyo?

Maganizo oti pamsewu ungajambule aliyense mwakachetechete n'kumapita anabwera limodzi ndi makamerawo, m'mabuku ndi m'mavidiyo ophunzitsa kujambula a ku London ndi New York. Kumeneko anthu miyandamiyanda amapitirirana osapatsana moni, ndipo msewu ulibe mwini woti n'kumulonjera. Kwa Kasakula malo opanda mwini kulibe. Msika uli ndi tcheyamani wake. Mjigo uli ndi komiti, ndipo komitiyo ili ndi msungichuma amene amadziwa banja lililonse limene silinasonkhe. Bwalo ndi la amfumu. Dimba la kudambo limene lakusangalatsani dzuwa likupendeka, wina analilima ndi msana wake, mwinanso pali mlandu wa malire umene sunathe. Kankhalango kowirira kamene kangotsala kokha pakati pa minda yoyera, kamene wojambula aliyense amakathamangira chifukwa cha mitengo yake ikuluikulu, katsala chifukwa ndi manda.

Palinso mbiri imene achinyamatawa saidziwa. Kamera si yachilendo kumudzi. Ife amene tinakula mafoni asanabwere tikuwakumbukira ajambuli a pa njinga yakapalasa, Yashica ili pakhosi, akuzungulira midzi Loweruka ndi Lamulungu, pa Khirisimasi ndi pa zikwati. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36 basi, ndiye panalibe zongotayataya. Unkalipira theka, iye n'kupita kukatsukitsa kutauni, n'kubwera patapita milungu, nthawi zina miyezi, iwe n'kumaliza ndalama n'kutenga chithunzi chako. Amene ankalamula pojambulapo anali wojambulidwayo. Ndiye ankasankha kuti aime pa maluwa a kusukulu kapena anyamule wailesi, avale jekete yobwereka, akweze mkono kuti wotchi ioneke, njinga ikhale kutsogolo. Abale ndi anansi ankaima pambali n'kumakonza: kolala yapindika, mwana akuyang'ana kumbali, dikirani kaye avale nsapato. Kujambula inali ntchito ya gulu, ndipo chithunzi chinkatsala m'mudzi momwemo, pakhoma kapena mu alubamu yosonyeza alendo.

Choncho bambo amene akukuuzani lero kuti "imani cha uku" sakuchita zachilendo. Akuchita zimene anthu akhala akuchita pamaso pa kamera kuyambira kale. Wasintha machitidwe ndi inu. Simunafunse, chithunzi simubweza, ndipo simukufunanso kuti anthu akonze kolala, poti akuti mukufuna "zachilengedwe". Zachilengedwe zakezo n'zoti mayi uja aoneke kwa anthu a kutali mmene iye mwini sangalole kuonekera ngakhale kwa apongozi ake.

Sindikukana kuti odziwa zonse alipo. Alipo ndithu, ndipo ena amatopetsa. Pali mkulu uja wochokera ku masese amene sanagwirepo kamera chibadwire koma akuumirira kuti muyatse fulashi dzuwa lili paliwombo. Pali aphunzitsi opuma amene anajambulako pa ukwati wa mphwawo nthawi ya Kamuzu ndipo akufuna mudziwe. Akazi ojambula ndiwo amaziona zenizeni: asanatsegule n'komwe chikwama, wina wafunsa kale ngati kamerayo ndi ya amuna awo, wina akudzipereka kuti awagwirire poti "ndi yolemera, achemwali". Kumeneko ndi kupeputsa munthu, ndipo mayi wojambula sakakamizika kusekerera aliyense. Koma mlangizi wamba wa dzuwa ndi fulashi ndi vuto laling'ono, mankhwala ake ndi otchipa. Mpatseni moni weniweni, wofunsa ndi kunyumba komwe. Muonetseni pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera aone chimene mwatenga. Mufunseni zimene iye akudziwa kuposa inu: phiri ilo dzina lake n'chiyani, soya chaka chino mavenda akugula bwanji, njira yotsikira kumtsinje ndi iti. Chimene amafuna n'choti mudziwe kuti pamalopo pali anthu, ndipo akaona kuti mwadziwa mtima wake umakhala pansi. Ambiri amasanduka okuthandizani kubweza ana amene aunjikana kutsogolo. Nthawi zinanso amanena zoona. Iye wakhala akuliona phirilo m'mawa uliwonse moyo wake wonse, inu mwaliona lero. Akati bwerani cha kuno, pitani mukaone. Mutaya chiyani, poti masiku ano filimu siitha?

Chimene chimandiwawa n'chakuti achinyamatawa amaika m'thumba limodzi mlangizi wa fulashi ndi munthu wina wosiyana naye kutalitali, amene mawu ake ndi chenjezo. Mukaona masamba aikidwa pamsewu, kuno ndi kutsogolo uko, ndiye kuti m'mudzimo muli zovuta. Wa njinga amatsika n'kumaikankha, wa chipewa amavula, galimoto imayenda pang'onopang'ono wailesi itazimitsidwa. Mnyamata akakuyandikirani pamenepo n'kunena motsitsa mawu kuti "bwana, kamerayo ibwezeni kaye m'chikwama", sakukuphunzitsani luso. Wakutsina khutu ndi mnansi. Kumtsinje n'chimodzimodzi. Kuli dooko la amayi ndi la abambo, ndipo mwamuna akamayandikira amayamba wafuula odi n'kudikira yankho. Kamera ya mphuno yaitali imafika padookopo kuchokera paphiri popanda odi aliyense. Agogo akakukalipirani kuti mulozere kwina, musawayankhe za kukongola kwa mathithi.

Dowa ndi Ntchisi ndi kuchimake kwa gule wamkulu. Chiyambire pamene bungwe la UNESCO linaulemekeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse a padziko, ojambula ena amaganiza kuti tsopano gule ndi wa aliyense. UNESCO sinagule dambwe la munthu. Chilombo chikatuluka pabwalo, ng'oma zikulira, amayi akuthira mang'ombe, atsabwalo akukonza malo, mukapempha kwa eni mzinda nthawi zambiri amakulolani, ndipo mumasupa monga achitira aliyense. Ku Kulamba, ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, makamera amakhala mbwee mwezi wa August uliwonse. Koma pali liunde, pali dambwe, pali njira imene chilombo chimadzera pobwerera kwawo. Kumeneko ngakhale maso a munthu wosalowa saloledwa, nanji kamera. Sindinena zambiri, mbuzi zanga ndi zochepa. Chimene ndinganene n'chakuti malire a pololedwa ndi posaloledwa sanalembedwe pa chikwangwani chilichonse. Ali m'mitu ya anthu omwe aja mukuwathawa ndi mahedifoni. Kamnyamata kopanda nsapato kamene kakukukokani malaya n'kumati "musapite uko" ndi kamene kakukupulumutsani ku chindapusa, kapena ku zoposa chindapusa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga amene anauzidwa asanafunse n'komwe, n'kudyabe, timutche ndani?

Amene akufuna kuona zimene kudekha kumabala apite ku Mua, m'boma la Dedza. Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada, anakhazikitsa malo a Kungoni kumeneko mu 1976, ndipo zimene anasonkhanitsa zokhudza gule palibe wojambula wothamanga amene angazipeze. Anaphunzira chilankhulo, anakhala pansi ndi eni ake zaka makumimakumi, mpaka anapatsidwa mfunda woti Chisale. Mzungu anapirira kumvera eni gule, ndiye mwana wa Mchewa wokulira ku Area 25 akuti mphindi zisanu zamuchulukira?

Funso lina limene ojambula amadana nalo ndi lakuti, "Zithunzizo mukupita nazo kuti?" Limayenda ndi linzake: "Mukatigulitsa kwa azungu." Amaliseka ngati umbuli. Umbuli wake uli pati? Midzi ya kuno yakhala ikujambulidwa ndi mabungwe kwa zaka zambiri. Ana aimikidwapo pamzere, amayi aimikidwapo pafupi ndi nkhokwe zopanda kanthu, odwala ajambulidwapo ali pamphasa. Zithunzizo zinapita, zinasonkhetsa ndalama, malipoti okongola anasindikizidwa. Mwina mjigo unabwera, mwina sunabwere. Chimene wojambulidwayo sanachionepo ndi chithunzi chake. Munthu wotere akafunsa kuti nkhope yake ikupita kuti ndipo apindule ndani, akufunsa funso la malonda, ndipo ndi funso loyenera. Ngati mulibe yankho lomveka, vuto lili kwa inu.

Si za kuno kokha. Chimodzi mwa zithunzi zotchuka kwambiri za ku America chinajambulidwa mu 1936 ku Nipomo, m'chigawo cha California, nthawi ya umphawi waukulu: mayi wa nkhope ya nkhawa, dzanja lili pachibwano, ana atabisa nkhope pamapewa ake. Wojambula wake, Dorothea Lange, anatchuka nacho dziko lonse, ndipo analemba yekha kuti sanafunse dzina la mayiyo. Dzinalo, Florence Owens Thompson, linadziwika patapita zaka zoposa 40, ndipo mayiyo anadandaula kuti sanapezepo ngakhale kakobiri. Mayi wa tomato wa kwa Kasakula sanamvepo za Thompson, koma nkhaniyo akuidziwa bwino.

Ku Dzaleka, m'boma la Dowa momwemu, funsolo limalemera kuposa ndalama. Kuyambira 2014 chikondwerero cha Tumaini chakhala chikukokera alendo ndi makamera awo kumsasa wa othawa kwawo umenewu. Wothawa kwawo akakuphimbirani nkhope n'kunena kuti musamuike pa Facebook, kumbukirani kuti anthu amene anawathawa ku Congo, ku Burundi kapena ku Rwanda nawonso ali ndi mafoni.

Komanso kwa munthu wa kumudzi, kujambulidwa ndi mlendo kumayenda limodzi ndi kulembedwa maina. Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni anaima pamizere kujambulitsa ziphaso za unzika, ndipo kuchokera mu 2020 chiphaso chimenecho ndicho chakhala chikutsegula khomo la feteleza wotsika mtengo. Mtukula Pakhomo nayenso amayamba ndi kalembera. Ndiye mukajambula nyumba ya uyu n'kudumpha ya uyo, mumtima mwanu mwangosankha denga looneka bwino, koma m'mudzimo mwasiya nkhani. Mawa amfumu adzafunsidwa chifukwa chimene alendo aja analembera banja limodzi lokha, ndipo mwini denga uja adzanenedwa kuti akudya yekha. Bambo amene akukutsatirani n'kumati "kwinaku simufikako?" kapena "mukanayamba mwaonekera kwa amfumu" akuona mlandu umene inu simudzakhalapo pokamba. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Otsala ndi dzuwa ndi eni mudzi.

Ndipo tisanamizane, pali nyengo zimene kusamvera kumaphetsa. Mu September 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, ku Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Mu 2020 zinabukanso, ulendo uno kumpoto ndi m'chigawo chapakati. Okayikiridwa anali alendo, makamaka onyamula zikwama ndi zipangizo zimene anthu sakuzidziwa. Onjezanipo mantha a makolo a ana achialubino, amene kuchokera mu 2014 aona ana a anzawo akubedwa ndi kuphedwa, ndiye muganize mmene amaonekera munthu wosadziwika amene akuloza kamera pa ana otuluka kusukulu. Kupha munthu chifukwa cha mphekesera ndi uchinyama, ndipo palibe mwambo umene ungaikire kumbuyo zimenezo. Koma wojambula wanzeru amadziwa kuti munthu woyamba kumulankhula, ngakhale alankhule zopanda mutu, ndiye mboni yake. Phokoso likabuka, ndi mkulu wa fulashi yemwe uja amene adzanene kuti, "Asiyeni awa, ndacheza nawo, ndi a kwa akutiakuti." Amene munamunyoza adzangopinda manja.

Ndikaimira pomwepa, ena atenga mawu angawa n'kuwasandutsa chibonga. Pali mlangizi wina amene sindimuikira kumbuyo ngakhale pang'ono. Amabwera ndi liwu limodzi: "N'zoletsedwa." Mukamajambula mlatho umene unamangidwa chaka chatha n'kukokoloka ndi mvula yoyamba, watulukira. Mukamajambula mzere wa alimi amene agona padepoti kudikira feteleza, watulukira. Mukamajambula ana akuphunzira pansi pa mtengo pafupi ndi buloko imene inathera pamawindo, watulukira, atavala nsalu ya chipani kapena baji ya komiti ina yake. Mukamufunsa kuti waletsa ndani, akuti "akuluakulu". Mukamufunsa lamulo lake, amakweza mawu.

Ameneyu kumene anachokera timakudziwa. Ndi mdzukulu wa ayufi aja amene ankaima pachipata cha msika kufunsa khadi la chipani, m'dziko limene linali ndi bungwe lounika mabuku ndi mafilimu kuyambira 1968, lamulo loyeza kutalika kwa siketi kuyambira 1973, ndiponso lopanda wailesi yakanema yakeyake mpaka 1999. Dzaleka yomwe ija, isanakhale msasa wa othawa kwawo mu 1994, inali ndende ya anthu amene boma silinkafuna kuti aoneke. Tinavota pa 14 June 1993 kuti zimenezo zithe. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 35 ndi 36, amapereka ufulu wolankhula ndi ufulu wa atolankhani, ndipo lamulo lopatsa nzika mwayi wodziwa za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Malo oletsedwadi alipo, ndipo ndi boma limene limawalengeza. Musakajambule kwa asilikali ku Mvera n'kumati ndinakutumani ndine. Koma mlatho wogumuka si malo a asilikali. Unamangidwa ndi msonkho wanu. Ndipo palibe lamulo limene limapatsa tcheyamani wa chipani, kapena munthu wamba wina aliyense, mphamvu yokulandani foni kapena kukufufutitsani zithunzi.

Amene akukayika phindu la chithunzi chojambulidwa molimba mtima akumbukire 2019. Mapepala a zotsatira za chisankho ofufutidwa ndi Tippex, mlimi wa ku Ntchisi akanawaonera kuti anthu ena akanapanda kutulutsa mafoni? Zithunzizo zinayenda pa WhatsApp dziko lonse, ndipo pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti. Ngakhale William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu a ku Kasungu, makina ake a mphepo akanangokhala nthabwala za m'mudzi atolankhani akanapanda kufikako mu 2006.

Nanga wochenjeza ndi woopseza muwasiyanitsa bwanji, poti onse akuti "musajambule"? Ine ndimayang'ana chimene munthuyo akutchinjiriza. Ngati akutchinjiriza maliro, mwana, mayi wosamba, wodwala amene wagona pakhonde la chipatala, kapena mwambo wa eni, mverani, ngakhale chithunzicho chikanakupatsani mphotho. Gawo 19 ndi 21 la malamulo omwe aja limateteza ulemu wa munthu ndi zinsinsi zake, ndipo ufulu wanu suposa wake. Ngati akutchinjiriza mpando wa bwana wake, kontirakitala, kapena thumba lake, funsani mwaulemu dzina lake ndi lamulo limene akunenalo, mulembe, ndipo ngati pali bata pitirizani. Anthu akayamba kutola miyala, chokanipo. Mlathowo mawa udzakhala uli chigumukire. Chochititsa manyazi n'chakuti ife timachita zosemphana. Pamaso pa bwana wa jekete timapinda kamera n'kupepesa, koma pamaso pa agogo opanda mano ndi pamene timauma mutu n'kuyamba kukamba za ufulu wathu.

"Ife" amene ndikunenawa si a makamera a mphuno zazitali okha. Aliyense wa foni tsopano ndi wojambula. Ngozi ikachitika pamsewu wa M1, kaya pa Mponela kaya pa Madisi, pamakhala ena amene amatulutsa mafoni ovulala asanatulutsidwe m'galimoto. Ndege itagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024 n'kupha wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena 8, zithunzi za mitembo zinazungulira m'mafoni mabanja asanaike n'komwe maliro. Pamenepo panasowa munthu mmodzi wolowerera za eni, wa malangizo osapemphedwa omwe mukudandaula nawowo, woti agwire mkono wa mnzake n'kumuuza kuti, "Iwe, bweza foniyo."

Kuyamba mwaonekera kwa amfumu, ena amakutenga ngati kukapempha chilolezo. Ndi odi chabe. Mumanena dzina lanu, kwanu, chimene mwadzera ndi kumene zithunzi zikupita, ndipo kawirikawiri amakupatsani mnyamata woti ayende nanu. Kuchokera pamenepo mafunso onse a m'njira amayankha ndi iyeyo, inu n'kumagwira ntchito yanu mtima uli m'malo. Amfumu akaletsa kujambula mjigo wowonongeka chifukwa ndalama za komiti zinagona kwawo, alowa m'gulu la a "n'zoletsedwa", ndipo mpando suwatchinjiriza. Mukabwerera kutauni, tsukitsani zithunzi zingapo n'kuzitumiza kwa eni nkhope. Mtengo wake sufika pa wa mafuta amene munathira pokwera mapiriwo. Masukulu ophunzitsa utolankhani monga MIJ ndi MUBAS, pamodzi ndi bungwe la ojambula la PHOTAMA, akanamaphunzitsa zimenezi tsiku lomwelo limene amaphunzitsa za kuwala ndi mthunzi.

Yatsala nkhani ya ndalama, poti malangizo ambiri amathera pa "nanga ya fanta?" Gule mumasupa, pamenepo palibe zokambirana. Mayi amene mwamuimitsa malonda theka la ola, muguleni tomatoyo, ndipo musanenerere. Mnyamata amene wakuyendetsani m'mapiri tsiku lonse wagwira ntchito, mulipireni ngati wantchito, osati kumutsazika ndi "zikomo kwambiri" ndi botolo la madzi lotsala theka. Ana musawapatse ndalama m'manja; mukatero, mlendo wobwera pambuyo panu adzawapeza atajomba kusukulu akudikira pamsewu. Koma bambo wa baji amene akuti pali fizi yojambulira pamsika, mufunseni lisiti ya khonsolo. Kawirikawiri amakumbukira pomwepo kuti pali wina akumudikira kusiteji.